Lisa Asapite Kumunda kwa Amalume

Domasi, 16 Febuluwale 2025

Wokondedwa mng'ono wanga Iness,

Landira moni wa kuno kumudzi. Tonse tili bwino, kupatula amayi amene bondo lija likuwasautsabe, ngakhale kuti kutchalitchi sajomba. Kaya iwe ku Bangwe kumeneko, makina ako osokera akulirabe?

Usadabwe kuti ndabwerera ku makalata ngati munthu wachikale. Foni yanga inagwera m'madzi tikuwokera mpunga. Ndaiyanika, ndaipempherera, yakanitsitsa kudzuka. Ya alamu ako a Mateyo ilipo, koma pajatu ukuwadziwa, akangoyankha amakweza mawu kuti mudzi wonse umve kuti ali ndi mlamu m'tauni. Ndiye kalatayi ndapatsira a Abida aja ogulitsa mpunga ku Limbe. Yankho uzingowapatsa iwo omwewo.

Chaka chino mvula yatichitira chifundo. Munda wa amalume a Lazaro wa kutsidya uja ndiye wachita kudabwitsa, aliyense wodutsa akuima. Anabwera Lamulungu kudzapempha mwana wanga Lisa kuti sukulu ikatsekera akakhale kwawo, azikapirikitsa mbalame mpunga ukayamba kucha. Ana awo onse ali kutali, ndipo chimwalirireni akazi awo alibe womutuma. Akuti akakolola adzamupatsa thumba la mpunga ndi nsapato zopitira kusukulu. Mwanayo ndiye wayamba kale kutolera zitini zoti azikaimba pansanja, mutu ukundiwawa nazo. Wakwanitsa zaka khumi, msinkhu womwe unapitira iwe. Ndamuuza kuti amayi ake aang'ono ndi katswiri wa ntchito imeneyi, anaigwira nyengo ziwiri zathunthu, ndiye umulembere malangizo.

Tsono pempho langa nali. Umusokere diresi la Isitala. Ndaikamo tizingwe tiwiri mu envulopumu, kakafupiko ndi ka m'chiuno, kakataliko ndi ka msinkhu. Ukapezanso sopo ndi shuga usatiiwale.

Nanga kwanu kuno udzabwera liti? Zaka zikungopita. Anthu afika pondifunsa ngati unakwatiwa mobisa ndi mzungu.

Ndine mkulu wako,
Flora


Bangwe, 25 Febuluwale

Achemwali anga okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kumva kuti muli bwino. Inenso ndilipo. Ntchito ikuyenda, anthu ayamba kale kubweretsa nsalu za Isitala. Sopo ndi shuga ndawapatsira a Abida, pamodzi ndi mafuta opaka pabondo a amayi. Diresi ndisoka, nsalu ndagula kale yachikasu.

Pa nkhani ya Lisa, ndikukupemphani ndi mtima wanga wonse, asapite kumunda kwa amalume. Sukulu ikatsekera mumutumize kuno adzakhale ndi ine. Thiransipoti ndilipira ndine, nsapato ndigula ndine. Adzaona tauni, ndidzamuphunzitsa kusoka mabatani, ndipo ndidzamubweza ndekha sukulu isanatsegulire.

Musandifunse zambiri. Kumunda kumene kuja si malo abwino kwa mwana. Ndi kutali ndi anthu, ndipo masana onse amakhalako yekha. Ine ndinakhalako, ndikudziwa chimene ndikunena. Amalume apeze munthu wamkulu waganyu, mphamvu yolipirira ali nayo.

Chonde nkhaniyi ikhale ya inu ndi ine. Amalumewo mungowauza kuti mwana ndamuitanitsa ine.

Mupereke moni kwa amayi ndi alamu.

Ndine mng'ono wanu,
Iness


Domasi, 9 Malichi

Iness,

Moni. Katundu wafika, zikomo kwambiri, amayi akuti mafuta aja ndi a ukali koma akuthandiza.

Tsono iwe, kalata yanji ija? Ndaiwerenga, ndaitembenuza, ndaiwerenganso, osamva mutu wake. Zaka zonsezi sunaitanepo mwana wanga ngakhale tsiku limodzi, lero wamva kuti amalume amufuna ndiye nawenso wamufuna? Alamu ako aseka mpaka misozi. Akuti anthu a m'tauni mukasowa wantchito mumayamba ndi mawu oti mwana adzaone tauni.

Ukuti kumunda ndi kutali ndi anthu. Nanga munda wa mpunga umakhala pamsika? Ana onse a m'dambo muno amapirikitsa mbalame, ngakhale ine ndinapirikitsa m'munda mwa abambo mpaka mawu kusasa. Palibe anafa nazo. Ndipo usaiwale kuti amalume ndi eni mbumba. Abambo atamwalira ndi iwo anatilipirira sukulu, ndi iwo anali ankhoswe paukwati wanga. Ndikawakaniza mwana kwa milungu iwiri yokha, nkhope ndikaibisa kuti?

Unati nkhaniyi ikhale ya awiri, koma undikhululukire, ndinalephera. Ndinaona kuti mwina amayi amvetsa zimene ine sindikumva, ndiye ndinawawerengera. Nditafika pamene unati si malo abwino kwa mwana, anaika chipeta pansi, anandiuza kuti ndibwereze. Kenako anati, “Ndiye kuti mwana ameneyu akunena kuti mlongo wanga anaika zinthu m'munda? Akuti mpunga wake umabereka chifukwa cha ana a eni?”

Iness, ngati ndi za ufiti zimene ukutanthauza, ndiye wandikhumudwitsa. Iwe munthu wopita kusukulu, wopemphera, ukhulupirire za anthu ansanje? Ndikudziwa kuti alipo amene amanong'ona kuti munda wa amalume umachulukitsa. Koma feteleza amathira tikuona, ndipo amalawirira tonse tili m'tulo.

Amayi akuti akulembera okha. Ukonzeke, cholembera atenga chofiira chija.

Ndine,
Flora


Domasi, 16 Malichi

Kwa mwana wanga Iness,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ine ndilipo, bondo lachepako, koma mtima ndiwo wandipweteka.

Sindinayembekeze kuti mwana wotuluka m'mimba mwanga angaloze chala mlongo wanga kuti ndi mfiti. Kodi ukudziwa zimene zimachitikira munthu wokalamba masiku ano akamuneneza zotere? Amamugenda miyala, amamutenthera nyumba. Ukufuna zimenezo zigwere munthu amene anakugulira nsapato zako zoyamba?

Ndikudziwa pamene maganizo amenewa achokera. Chaka chija unabwerako kumunda utasintha. Sunkalankhula, sunkadya, unayambanso kunyowetsa mphasa uli mtsikana wamkulu. Tinazunguzika nawe, tinapita kumapemphero, ndipo ndikuvomera kuti tinapitanso kwa sing'anga ku Naisi, anakutema mphini. Iye anati wina wakuponda ndi mankhwala koma sanatchule dzina. Tsono kumbukira kuti amene anakukweza panjinga ulendo wonse umene uja anali amalume ako omwewo. Munthu angakulodze n'kukunyamulanso kupita nawe kochira?

Sindinafune kuti amalume ako amve kwa anthu, ndiye ndinapita ndekha kukawauza. Ndinaitananso akuluakulu a banja kuti nkhani ithere poyera. Mlongo wanga analira pamaso pa anthu, bambo wa imvi. Anati aliyense wofuna akafufuze m'munda ndi m'nyumba. Anthu anapita, sanapeze kanthu, anamupepesa. Iye anati wakukhululukira chifukwa ndiwe mwana wake.

Manyazi amene ndachita ine ndi aakulu. Kuti anthu aone kuti banja lathu lilibe chikayiko, Lisa apita sukulu ikangotsekera. Ndanena ndine. Iwe ulembe kalata yopepesa, ndikaipereka ndekha.

Ndine mayi wako


Bangwe, 27 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndikukhulupirira muli bwino. Iyi yokha muwerengere panokha, kuseri, ndikukupemphani.

Sindinanene za ufiti. Ndikanakonda zikanakhala za ufiti, bwenzi ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Ndinazungulira mawu chifukwa cha manyazi, ndipo kuzungulira kwangako kwachititsa kuti anthu akawapepese amalume. Ndiye ndilemba mosazungulira.

Amalume ankandigwiririra. Nyengo zonse ziwiri zija. Ankabwera kumsasa wa kumunda masana, anthu ataweruka. Ankandiuza kuti ndikanena, amayi adzafa ndi manyazi ndipo inu mudzasiya sukulu. Mawu akuti kugwiririrawa ndatha pafupifupi chaka ndikuphunzira kuwatchula, ndipo aka n'koyamba kuwalemba.

Chimene chandidya zaka zonsezi si zimene anachita zokha. Ndi zimene ndinachita ine. Nsapato zija ndinalandira, ndinavala, ndipo ndinkazikonda, ndinkazipukuta tsiku lililonse. Chaka chachiwiri atabwera kudzanditenga sindinakane, ndinanyamula kathumba kanga n'kuwatsata. Paulendo wa ku Naisi uja ndinakhala kumbuyo kwa njinga yawo nditawagwira malaya kuti ndisagwe. Ndakula ndikudziuza kuti mwana wabwino akanakuwa, akanathawa, ndiye kuti ine ndinali woipa kale. Ndikalowa m'tchalitchi ndimakhala kumbuyo. Munthu akanditamanda ndimamva ngati ndamubera.

Munkandiseka kuti ndine wa ku Domasi wotani wosadya mpunga. Fungo la mpunga watsopano limandisanzitsa. Chibwenzi changa ndi a Anthony sichinathe chifukwa cha matama monga munkanenera. Anali munthu wabwino, koma akangondigwira paphewa thupi lonse linkauma, ndipo ndinasowa chowauza. Kumudzi sindibwera chifukwa ndikabwera ndiyenera kugwada n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

Chaka chatha ana ena ankaimba zitini kuseri kwa shopu yathu, ine n'kungogwa pansi, mpweya osatuluka. Kuchipatala sanapeze matenda. Namwino wina anandiyang'anitsitsa n'kunditumiza kwa mayi Rahema, amene ntchito yawo ndi kucheza ndi anthu ovulala mumtima. Miyezi yoyamba ndinkangokhala, iwo n'kumandidikira. Pano ndimapita Lachinayi lililonse, timakumana amayi angapo a nkhani zofanana. Wina ndi mphunzitsi, wina ndi agogo a zidzukulu. Sindinganame kuti ndachira. Koma ndayamba kugona, ndipo ndayamba kuyang'ana anthu kumaso. Mayi Rahema amandiuza kawirikawiri kuti mlandu si wanga. Ndinkavomera ndi pakamwa pokha, ngati mmene timavomerera kwa adokotala.

Dzana ndinatenga tizingwe tanu tija kuti ndidule diresi la Lisa. Nditayala ka m'chiuno patebulo ndinaganiza kuti mwalakwitsa muyeso, kachepa kwambiri. Ndinayezanso ndi tepi, n'kuona kuti ayi, ndi momwe amakhalira mwana wa zaka khumi. M'mutu mwanga ine wa nthawi ija ndakhala ndikumuona ngati munthu wamkulu, wodziwa zinthu, woyenera kuyankha mlandu. Kani ndinali kamunthu kochepa chonchi. Ndinakhala pansi, sizasi ili m'manja, ndinalira mpaka anzanga anatseka chitseko cha shopu.

Achemwali, mukafuna kunyansidwa nane nyansidwani, mukafuna kusandikhulupirira musandikhulupirire. Koma Lisa asapite. Diresi lake lili m'pepala lomwelo ndi kalatayi.

Iness


Bangwe, 6 Epulo

Achemwali,

Moni. Iyi ndapatsira a Sumaili, kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde, akuti aisiya pagolosale ya pamsewu.

Simunandiyankhe. Ndikumvetsa. Mwina mukuona kuti ndapeka, mwina simukufunanso kumva dzina langa. Sindikukuimbani mlandu, inenso ndinatha zaka ndisakufuna kudziona pagalasi.

Dzulo ndinaimba foni ya alamu. Anayankha ali pagulu, ndinamva anthu akuseka, iwo n'kumati, “Alamu a ku Blantyre awa, lankhulani tonse tikumva!” Ndinangofunsa za mvula n'kudula. Ndadzida chifukwa cha zimenezi.

Sukulu yatsekera. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha, ngakhale pakapepala kopanda moni. Lisa ali kuti?

Iness


Domasi, 8 Epulo

Mng'ono wanga, mwana wa amayi anga,

Lisa ali pano, wakhala pakhonde ndikumuona. Ndayamba ndi zimenezo kuti upume. Moni ndipereka pambuyo.

Sindinakhale chete dala. A Abida atalandira katundu wako sanabwere kuno, anapitirira kwawo ku Mangochi kukadya Idi, ndipo kumeneko anapezanso matenda. Kalata yako yakhala m'chikwama chawo nthawi yonseyi. Anandipatsa dzulo m'mawa ndili pamjigo, akupepesa za diresi kuti lachedwa. Lisa anali atapita kale kutsidya kwa amalume dzana madzulo, titachoka kutchalitchi. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pamlatho, ndikumuuza kuti akamvere agogo ake a Lazaro.

Ndinawerengera pamjigo pomwepo. Ndowa ndinaisiya ikusefukira. Sindikudziwa kuti ndinawoloka bwanji dambo lija, chitenje chinatsalira paminga, anthu ankaganiza kuti kwagwa maliro. Ndili patali ndinamva zitini zikulira, ndipo sindinamvepo phokoso lokoma chotero. Ndinamupeza ali pansanja yekhayekha, akukoka chingwe, akukuwira mpheta. Amalume anali kumapeto kwa munda akutseka madzi. Atandiona anati, “Kwagwanji, Flora?” Ndinangomutsitsa mwana n'kumubereka kumsana, chimtsikana chonsecho miyendo ikukwekwereza pansi. Anaitananso kawiri, sindinacheuke.

Kunyumba ndinamusambitsa ndekha, ndikumufunsa pang'onopang'ono mosamuopseza. Sanamuchite kanthu. Anagona kwa msuweni wathu Jacinta chifukwa amalume anali asanakonze pogona. Panopa wandikwiyira kwabasi, akuti ndamuluzitsa nsapato. Akwiye, ndimukonda ali chikwiyire. Diresi lamukwana bwino.

Iness, ndakukhulupirira. Sindinafunikire kuganiza kawiri, zonse zinangogwera m'malo mwake. Ukunena za kunyansidwa nawe? Amene ndikunyansidwa naye ndi ine. Tinkagona mphasa imodzi, ukanyowetsa ndinkaitulutsa panja n'kuitana anzanga kuti adzaone. Ndipo mu Febuluwale muja ndinakulembera kuti ndiwe katswiri. Ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna nthaka itseguke. Za nsapato usadzazitchulenso ngati mlandu. Unali mwana wosauka wopatsidwa nsapato, ukanatani, ukanazitaya?

Alamu ako sindinawauze, ndangoti mwana ankadwala mutu. Koma amayi anandiumiriza, ankafuna kumubweza mwanayo lero lomwe. Ndinatseka chitseko n'kuwawerengera ndime imodzi yokha. Sanakuwe, sanalire. Anatuluka n'kukakhala kuseri kwa khola mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sanadye.

Tsopano landira moni. Tili bwino, ngati kumeneku n'kukhala bwino.

Mkulu wako amene sadzakusekanso,
Flora


Domasi, 10 Epulo

Iness mwana wanga,

Moni. Sindikudziwa poyambira.

Ndinkakusambitsa ndine, zovala zako ndinkachapa ndine, ndipo sindinaone. Kapena ndinaona n'kusankha kuti akhale malungo, akhale mankhwala a anthu, chilichonse kupatula chimenechi. Ndafunsa mtima wanga masiku awiriwa ndipo sukundiyankha bwino. Ndinakupereka ndi manja anga, kawiri. Ndinalola akuteme mphini pamene wolakwa anaima pakhomo akudikira ndi njinga. Kalata yopepesa ndinakulamula ija usalembe. Wopepesa ndine.

Lisa sapitanso, ndipo munthu uja sadzapondanso pakhomo panga. Dzina loti mlongo wanga lathera pomwepa.

Koma ndikupemphe chinthu chimodzi, ine mayi wako wokalamba. Zithere m'nyumba muno. Zikatuluka, anthu sadzaloza iye yekha. Adzaloza iwe, adzati unakhaliranji chete, adzati n'chifukwa chake sukwatiwa. Adzaloza ine pamaliro ndi pamjigo. Ndakuvulaza kokwanira, sindikufuna kuona dzina lako likutafunidwa m'misika. Mulungu aweruza yekha.

Ukafuna kubwera, bwera, sudzagwadira munthu.

Mayi wako


Domasi, 11 Epulo

Iness,

Moni mwachidule, a Sumaili akudikira pamsewu.

Ndimaganiza kuti tathana nazo, koma ayi. Mbalame zachuluka m'munda muja, ndiye amalume apempha Anita, mwana wa Jacinta, wa zaka zisanu ndi zinayi uja. Jacinta wavomera mosangalala, ukudziwa mmene zinthu zikumuvutira chichokereni bambo wa ana ake. Mwanayo ayamba Lolemba, ndipo ulendo uno azikagona komweko.

Ndinathamangira kwa Jacinta. Ndinati, “Msuweni, usamutumize mwana, kumunda kuja si kwabwino.” Mawu ako omwe aja anatuluka m'kamwa mwanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, “Mwayambanso za ufiti zanu zija? Akuluakulu anafufuza, sanapeze kanthu. Inu mwakana thumba la mpunga chifukwa muli ndi wachibale m'tauni, ine ndilibe.” Ndinayesa kuti Anita abwere azidya kwathu, anati sapemphetsa. Ndinapita kwa akuluakulu awiri, onse akuti tisamuvutitsenso munthu amene tamupepesa kale.

Waona mmene zatembenukira? Msonkhano uja unawasambitsa. Panopa aliyense wonena mozungulira akuoneka wansanje. Chimene chingamuimitse Jacinta ndi mawu enieni, ndipo adzafunsa kuti anachita kwa yani. Ndikati kwa mwana wina, adzati bodza.

Amayi akuti ndisayerekeze. Ine pakamwa pakuyabwa, koma nkhaniyi ndi yako, ndinakuulula kale kawiri popanda chilolezo ndipo taona zotsatira zake. Sinditchula dzina lako iwe usanalole. Ukakana sindidzakuona moipa, ndidzayesa njira ina, ngakhale kukakhala pansi pa nsanjapo ndekha tsiku lonse. Koma sindingakhalepo masiku onse, ndipo kunyumba kwa amalume sindingalowe.

Undiyankhe ndi minibasi ya mawa.

Flora


Bangwe, 12 Epulo

Achemwali,

Moni. Makalata onse atatu ndalandira. Yanu yoyamba ija ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika popinda. Zikomo pomubereka Lisa kumsana.

Amayi akunena zoona, anthu adzandiloza. Ndikudziwa kale amene adzati ndinkafuna, ndi amene adzasiye kundipatsa moni. Chilandirireni kalata yanu sindinadye, ndasoka mkono wa malaya a munthu chagada mpaka abwana andiuza kuti ndipite kunyumba. Ndinapita kwa mayi Rahema ndikuyembekeza kuti andiuza chochita. Sanandiuze. Anangoti ndikasankha kulankhula andiperekeza, ndipo za Anita akadziwitsa oteteza ana kuboma ngakhale ine nditakhala chete, koma zimenezo sizingathe Lolemba lisanafike.

Musatchule dzina langa. Ndidzalitchula ndekha. Ndikwera minibasi yoyamba mawa, mayi Rahema abwera nane. Anthu akatuluka m'tchalitchi muitane Jacinta ndi akuluakulu onse amene anapita kukapepesa aja, akhale pakhonde pa amayi. Ana muwatumize kutali. Amayi muwauze kuti sindikuwakwiyira, akafuna kukhala m'nyumba akhale, adzamvera pawindo.

Inu mudzandichingamire pamsewu. Ndipo pakhondepo mudzakhale pafupi nane. Mawu akadzandithera musadzandilankhulire, mudzangondigwira dzanja mpaka ndiyambirenso.

Ndimaganiza kuti ndidzabwera kwathu manyazi akadzatha. Sanathe, achemwali. Ndibwera nawo omwewo.

Ndine mng'ono wanu,
Iness